Chaka Chimene Ndinatentha Mapesi a Mai Moyo

Gilesi ndi Tiyamike, ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala. Ndinabadwira m'komboni ngati anzanga onse, agogo anu anachokera ku Dedza wapansi, ndipo zotsalazo munazimva mpaka kutopa nazo. Pano ndikulemba za ntchito, makamaka za makina ena amene ndinapanga ndi manja angawa nditakula kale.

Zaka za ku Redcliff

Ntchito yanga yoyamba inali ku fakitale ya zitsulo ku Redcliff. Ndinalowa ngati wonyamula bokosi la masipanala, pansi pa folomani wina wa Chindebele, Mdala Ncube, munthu wamtali amene sankaseka mkati mwa sabata. Iye anali ndi lamulo limodzi, ndipo ankalinena m'Chilapalapa, chilankhulo cha m'migodi: "Shanyela kuqala, sebenza mbayimbayi." Ndiye kuti yamba wasesa, ntchito pambuyo. Ukayala masipanala pamalo pamene pali tizidutswa ta zitsulo, ankakankha bokosi lonse ndi phazi n'kuchoka. Ndinasesa zaka zitatu ndisanaloledwe kumasula pampu ndekha. Lamulolo linandilowa m'magazi, moti mpaka lero sinditha kukonza ngakhale wailesi patebulo pamene pali nyenyeswa za buledi.

Matenda anga ena anali ofuna kudziwa za m'kati mwa chinthu. Makina akamayenda bwino ine mtima sunkakhala pansi, ndinkafuna kuona chimene chikuwayendetsa. Ncube ankati tsiku lina ndidzamasula mkazi wanga kuti ndione pamene pamachokera mawu. Matendawo ndi amene anandipanga fita, womanga ndi kukonza makina, ndipo ndinakhala pa ntchitoyo mpaka imvi. Kenako ng'anjo zinazizira. Mayi anu ndi amene anayamba kuzindikira kuti zinthu zatha, chifukwa zovala zimene ankayanika kunyumba kwathu ku Rutendo zinasiya kufiira ndi fumbi la kufakitale. Tinkapitabe m'mawa uliwonse kukayang'ana makina osayenda, kuwapukuta, kenako kubwerera. Nditamva kuti pa pulazi ina pa msewu wa Gweru kupita ku Shurugwi akufuna makaniko, sindinafunse n'komwe kuti thirakitala imalizidwa bwanji. Nyumba ya ku Rutendo tinasiyira mng'ono wanga ndi banja lake lalikulu lija. Iwe Gilesi unali utakwatiwa kale, ndiye tinapita atatu, ine, mayi anu ndi Tiyamike.

Julayi, chaka choyamba pa pulazi

Mwini pulaziyo anali Mai Moyo, namwino wopuma amene ankakhala ku Gweru n'kumabwera Loweruka lililonse. Anali mayi wolankhula motsitsa, koma akanena chinthu sankachibwereza. Kuseri kwa shedi ya makina kunali nyumba ziwiri za njerwa, ina ya makaniko, ina ya dalaivala wa thirakitala. Antchito ena onse ankachokera m'midzi yapafupi. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza kuti, "VaPhiri, nyumba pano imayenda ndi ntchito. Ntchito ikatha, makiyi amabwera kwa ine."

Dalaivala anali Sekuru Juwawo (kuno Sekuru ndiye kuti agogo). Anabwera kuchokera ku Tete ali pamsana pa mayi awo, anakulira pa pulazi yomweyo, ndipo anailima eni ake akusinthana. Mkazi wawo anaikidwa pansi pa mtengo wa mutondo kumapeto kwa munda. Ana awo awiri anapita kukakumba golide kumapiri a Shurugwi ndipo sankamveka. Kwina kopita analibe, ndipo ankanena okha akuseka kuti ku Mozambiki sadziwa ngakhale galu. Ine ankanditcha Fita. Tinkalankhula Chichewa chathu chosakaniza, iwo akuponyamo mawu a kwawo, ine a ku Redcliff.

Chaka chimenecho dizilo anali wosowa. Mai Moyo anapeza migolo iwiri yokha, yosakwana kutembenuza ngakhale theka la munda ndi pulawo. Ndiye anabwera ndi mlangizi wa zaulimi, amene kuno timati mudhumeni, mtsikana wovala magambuti. Iye sanayambe ndi kulankhula. Anandipatsa piki kuti ndikumbe dzenje pakati pa munda. Pamwamba dothi linali lofewa, koma nditafika kuya kwa chikhatho chimodzi ndi theka piki inadumpha. Panali dothi lolimba ngati simenti. Anazula tsinde la chimanga cha chaka chatha n'kundionetsa mizu. Yonse inatsika bwinobwino, itafika pa simentiyo n'kukhotera m'mbali. Ine ndinagwada m'dzenjemo nthawi yaitali ndikukanda ndi chikhadabo. Zaka zonse ndinkaganiza kuti dothi ndi dothi basi, osadziwa kuti nalonso lili ndi za m'kati mwake.

Mudhumeni anati pulawo ndi imene inapanga simentiyo, chifukwa chaka ndi chaka imadula pamalo amodzimodzi n'kumatsendera pansi pake. Anati tisatembenuze munda wonse. Ting'ambe kamzere kakang'ono kokha, kozama, pamene padzagwere mbewu ndi feteleza, ndipo pakati pa mizere tisakhudzepo, mapesi akhale pomwepo ngati bulangeti la dothi. Chida chake amati ripa. Dizilo wake ndi wochepa. Ndinafunsa mafunso mpaka mtsikanayo anayang'ana wotchi. Sekuru Juwawo anamvetsera atatsamira tayala, kenako anati, "Amai, anthu akamadutsa pamsewu adzati Juwawo wakalamba, wasiya kulima. Ndiloleni nditenthe zinyalalazi kaye, za mizere yanuyo tikamba pambuyo." Mai Moyo anawayang'ana n'kunena kuti, "Sekuru, moto m'munda muno ayi. Amene ayatse moto wadzichotsa yekha ntchito." Tinamva tonse, ine ndi antchito amene anali pafupi.

Ogasiti ndi Seputembala

Ripa yogula kunalibe, ndiye ndinati ndipanga. Miyezi iwiri imeneyi ndi imene ndinasangalala nayo kwambiri pa moyo wanga wonse wa ntchito, ndikunena zoona. Ndinatenga felemu ya pulawo yakale imene inkachita dzimbiri m'udzu, ndinapita ku Kwekwe kukatola masipuling'i a lole kwa ogulitsa zitsulo zakutha, ndipo ndinawapinda pamoto kuti akhale mano. Ndinayamba ndi mano atatu. Sekuru anabwera, anazungulira kawiri manja ali kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Fita, makina athu obzalira aja ali ndi milomo ingati?" Ndinati inayi. Anati, "Nanga mlomo wachinayiwo uzikalavulira mbewu pati?" Ndinachita manyazi, koma ndinawonjezera dzino, ndipo ndinayeza mipata ya mano kuti ifanane ndendende ndi ya makina obzalirawo.

Nsonga zoyamba ndinazipanga zotakata, poganiza kuti chachikulu ndiye champhamvu. Titayesa kuseri kwa shedi zinatukula zibuma zazikulu ngati mitu ya anthu, zoti mbewu singamerepo. Ndinazichepetsa mpaka zala ziwiri. Zitatero zinayamba kulowa mwakachetechete, n'kumaswa simenti ija pansi, pamwamba n'kusiya kamzere kofewa. Mzere uliwonse ndinkaulondola ndi kachitsulo, kubaya apa ndi apo kuti ndimve pamene kakuima. Sekuru ankanditembenukira ali pa thirakitala n'kumati ndikuoneka ngati nkhuku yofuna mphutsi. Koma nawonso chidwi chinawagwira. Tsiku lina ndinawapeza atagwada okha pa mzere, dzanja lili m'dothi mpaka m'chigongono. Atandiona anadzuka n'kunena kuti anagwetsa fodya.

Okutobala

Tinalowa m'munda weniweni mitambo itayamba kusonkhana cha ku Shurugwi. Mai Moyo anali atapita ku maliro a mchemwali wawo ku Gokwe, kumene kunalibe foni yogwira. Munda unali pawiri, wakumtunda ndi wakumunsi, pakati pali kamsewu. Tinayamba wakumtunda, ndipo pomwepo vuto limene sindinaliganizire linatulukira. Kuseri kwa shedi kumene tinkayeserako kunalibe mapesi. Kuno mano anayi aja ankakokolola mapesi onse, mulu n'kumakula kutsogolo mpaka ripa yonse kutukuka m'mwamba. Mayadi makumi awiri aliwonse thirakitala inkaima, ife n'kumasolola mapesi ndi manja, injini ikudya dizilo wathu wochepayo. Pofika masana tinali titang'amba mizere yosakwana khumi.

Mutu wanga unabwerera ku Redcliff. Ndinaona makina abwino akulephera chifukwa cha malo auve, ndipo yankho la zimenezo ndinalidziwa kuyambira ndili mnyamata. Ndinauza antchito kuti asonkhanitse mapesi a munda wakumtunda m'milu. Sekuru anazimitsa thirakitala n'kutsika. Anati, "Fita, Amai anati moto ayi." Ndinati, "Sekuru, si inu munkafuna kutentha?" Anati, "Ndinkafuna, anandikaniza, ndinamva. Tiye tikhale pansi tiganize." Ine ndinali nditapsa mtima ndi makina anga, ndipo ndinati mvula siidikira anthu oganiza, komanso za makina amafunsa ine. Machesi ndinayatsa ndekha. Antchito anali atabalalika kukatenga milu ina, ndiye amene anaona dzanja langa ndi Sekuru okha. Pofika madzulo munda wakumtunda unali wakuda ndi woyera bwino, ndipo m'mawa mwake ripa inayenda ngati ikusewera. Ndinanyadira, ndisaname.

Tsiku lachitatu, tisanalowe munda wakumunsi, Sekuru anabwera ku shedi akugubuduza mbale yachitsulo ya pulawo yakale ija. Anati, "Ukaika ichi kutsogolo kwa dzino lililonse, choimirira, sichingadule mapesi dzino lisanafike?" Ndinayang'ana mbaleyo, ndinayang'ana ripa. Inali ntchito ya tsiku limodzi. Ndinanola mbale zinayi, ndinawotcherera timikono tozigwira, ndipo munda wakumunsi tinaung'amba wonse mapesi ali pomwepo, mbale zikudula, mano akutsatira. Tikanakhala pansi monga ananenera, palibe phesi limodzi likanapsa.

Mai Moyo anafika Loweruka. Anaimitsa galimoto pa kamsewu kaja, anatsika, anayang'ana kumtunda nthawi yaitali. Tonse tinali titaima pamenepo. Sanafunse kuti wayatsa ndani. Anatembenukira kwa munthu amene anapempha moto pamaso pa anthu, n'kunena kuti, "Sekuru, ndinakuuzani." Sekuru anavula chipewa. Anandiyang'ana kamodzi, osati mokwiya, kungoyang'ana ngati munthu amene wakupatsa njira kuti udutse. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinaganiza za makiyi, za mayi anu amene anali atangobzala masamba kuseri kwa nyumba, za iwe Tiyamike amene unali utangozolowera sukulu yatsopano. Mai Moyo anati, "Tiona mmene chimanga chichitire." Ndinadzinamiza kuti mvula ikagwa bwino nkhaniyo ifera pomwepo.

Januwale

Mvula inayamba bwino, ndipo chimanga chinamera mofanana mbali zonse ziwiri, mizere yowongoka yokongola. Anthu odutsa pamsewu ankaima kuyang'ana munda wakumunsi, ena akuseka kuti tabzala m'zinyalala. Kenako chaka chitangotembenuka kumwamba kunayera. Sabata yoyamba, yachiwiri, yachitatu, dzuwa lokhalokha, chimanga chili pafupi kumasula.

Ngakhale mtima unali pamoto, matenda anga ofuna kudziwa sanandisiye. Masana aliwonse ndinkavula nsapato n'kuyenda kuchoka kumtunda kupita kumunsi. Kumtunda dothi linkawotcha mapazi moti ndinkadumphadumpha, ndipo pamwamba pake panali patauma chikhakha chimene mvula yoyamba inasiya. Ndikawoloka kamsewu n'kulowetsa dzanja pansi pa mapesi, ndinkapeza pozizira, ponyowa, chiswe chikudya mapesiwo n'kumaboola timabowo m'dothi. Ndinazula phesi limodzi mbali iliyonse. Mizu yonse inali itatsika mowongoka m'mng'alu wa ripa, kudutsa simenti ija, ndipo pamenepo makina anga anagwira ntchito yake. Koma kumtunda mizuyo inkatsikira m'dothi louma. Masamba ankapota m'mawa dzuwa lisanakwere, pamene kumunsi ankapota masana okha n'kutambasukanso madzulo. Ndinaphunzira zambiri mwezi umenewo kuposa chaka chilichonse ku Redcliff, ndipo chilichonse chimene ndinkaphunzira chinkandiuza kukula kwa mlandu wanga.

Sekuru sanandifunse kanthu. Tinkagwira ntchito limodzi, ankandipatsa sipanala ndikapempha, ankapereka moni kwa mayi anu. Zimenezo zinkandipweteka kuposa akanandilalatira. Mvula itabweranso kumapeto kwa mwezi, munda wakumunsi unadzuka. Wakumtunda unali utapita, munangotsala tizitsononkho tating'ono topanda maso.

Febuluwale

Loweruka lina ndili pansi pa thirakitala ndinamva Mai Moyo akulankhula ndi Sekuru pakhomo pa shedi. Anati, "Sekuru, mwatumikira pano nthawi yaitali, ndikudziwa. Koma ulimi umene tayambawu ukufuna munthu womva zimene wauzidwa. Ndapeza dalaivala wina. Mwezi ukatha mundipatse makiyi." Sekuru anangoti, "Zvakanaka, Amai," ndiye kuti chabwino. Ndinamva mapazi awo akupita cha ku mtengo wa mutondo. Ine ndinakhala pansi pa thirakitalapo, sipanala ili m'manja, mpaka galimoto inanyamuka.

Ndinasunga nkhaniyo masabata ena awiri. Mukufuna kudziwa bambo anu, ndi ameneyo. Amene anandithyola ndi mayi anu. Anaona Sekuru akugulitsa nkhuku zawo ndi kumanga mapoto m'thumba, ndipo pa chakudya cha masana anati, "Koma mdala uja apita kuti? Munthu wamkulu ngati uja kutentha munda atauzidwa, zinamulowa bwanji?" Ndinaika supuni pansi n'kuwauza zonse. Sanakweze mawu. Anati, "Bambo a Gilesi, ndiye ine ndakhala ndikuwapatsa moni miyezi inayi, iwo akudziwa, ine osadziwa?" Ananyamula mbale yanga ndisanamalize kudya.

Sindinadikire Loweruka. Ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita ku Gweru m'mawa mwake, ndinawapeza Mai Moyo akuthirira maluwa. Ndinanena nditaimirira, chipewa chili m'manja, kuti moto ndinayatsa ndine, Sekuru anandiletsa, ndipo nzeru ya mbale zodula mapesi imene ankandiyamikira nayo inali ya Sekuru. Anatseka mpopi. Anandifunsa kuti, "Tsiku lija munali pomwepo?" Ndinati ndinalipo. "Pamene ndinkawauza za makiyi?" Ndinati ndinali pansi pa thirakitala. Kenako anati, "VaPhiri, mwandichititsa chinthu choipa kwa munthu wokalamba. Kukuchotsani ndikanafuna, koma ripa ija palibe wina angaikonze. Dalaivala watsopano wasiya kale ntchito kumene anali, akubwera Lolemba ndi mkazi ndi ana atatu, sindingamubweze. Nyumba ndi ziwiri, mabanja ndi atatu. Inu mafita mumadziwa kuyeza. Kayezeni, mudzandiuze."

Panalibe choyeza. Nyumba ya ku Rutendo inali yodzaza. Ine ndikanatha kugona m'kachipinda kosungiramo mafuta ndi zitsulo ku shedi, koma mkazi ndi mtsikana wa sukulu sakanagonamo. Ndinauza Mai Moyo kuti nyumba yathu ikhale ya Sekuru, ine ndilowe m'kachipindako. Mayi anu anaimbira mng'ono wawo wa ku Senga, m'tauni ya Gweru, kuti akakhale kumeneko ndi Tiyamike. Tiyamike, ndicho chifukwa chake unachoka pakati pa temu, n'kukagona zaka zitatu pabalaza pa anti ako, mabuku ako ali m'katoni pansi pa tebulo. Unandifunsa nthawi imeneyo ndipo ndinati sukulu za m'tauni ndi zabwino. Ndinakunamiza, mwana wanga, ndipo ndikupepesa.

Thirakitala Sekuru sanaibwerere. Mai Moyo anapita okha kukawapepesa, anawasiya kuti aziyang'anira minda ndi kuphunzitsa dalaivala watsopano mizere, ndipo Sekuru anakhala m'nyumba imene inali yathu mpaka tsiku limene tinawaika pafupi ndi mkazi wawo. Ine ndinagwira pa pulazipo zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndinapanga maripa ena atatu a anthu oyandikana nafe, ndipo m'munda uja simunayakenso moto.

Tinasamuka Lamlungu titachoka ku tchalitchi. Wilibala inali imodzi, ndiye inkapita ndi katundu wa Sekuru n'kubwera ndi wathu kupita kumsewu kumene kombi inkaima. Pa ulendo wina tinakumana pakati pa nyumba ziwirizo, Sekuru atanyamula mpando, ine ndikukankha matiresi. Ndinaima n'kuyamba mawu amene ndinawakonza usiku wonse. Sanandilole kumaliza. Anaika mpando pansi, anayang'ana mayi anu amene ankadutsa atasenza mapoto, Tiyamike ali pambuyo ndi katoni ya mabuku akulira.

"Fita," anatero, "ukananena tsiku lomwe lija, Amai akanakukalipira, mwina akanakudula tchuthi, pofika Lolemba ikanakhala nkhani yakale. Ine ndinakhala chete kuti unene wekha, ndimayesa ndi nkhani ya mphindi imodzi. Taona tsopano amene akulipira."

Anatola mpando wawo n'kulowa m'nyumba. Ine ndinakankha wilibala kupita kumsewu, kumene mayi anu anali ataima kale, osayang'ana kumbuyo.